Udzudzu wosamva mankhwala ku Chigwa cha Shire: momwe ntchito ikuyendera kuchokera pa kompyuta kufika m'chubu

Kumapeto kwa Okutobala

Mwezi uno udzudzu sitinagwire wokwanira. Masana kukutentha kupitirira madigiri 40, zithaphwi zaphwa, ndipo mtundu umene tikuufuna, Anopheles funestus, watsalira m'midzi ya m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, kumene madzi sachoka chaka chonse. Ndiye tatanganidwa pa kompyuta, ndipo ndilembe kaye pamene tikuyambira.

Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene umafalitsa kwambiri malungo kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, sukufa ukatera pa masikito okhala ndi mankhwala a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin. Gwero lalikulu linapezeka kale. Pali majini awiri oyandikana, CYP6P9a ndi CYP6P9b, amene amapanga ma enzyme (mapuloteni ophwanya kapena kusintha zinthu m'thupi) a gulu la cytochrome P450. Ma enzyme amenewa amaphwanya poizoni asanafike pa mitsempha ya udzudzuwo. Gulu la Pulofesa Charles Wondji wa ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi limene linatsata nkhaniyi mpaka pa tsinde, ndipo mu 2019 linalengeza chizindikiro cha mu DNA chodziwira udzudzu wokhala ndi CYP6P9a yosamva mankhwala.

Ndiye ife tikufunanso chiyani? Pali zinthu ziwiri zosagwirizana. Pakati pa 2014 ndi 2021 kusamva mankhwala kwa udzudzu wa ku Chikwawa kunakulirakulira. Koma chizindikiro chija chili kale pafupifupi mu udzudzu uliwonse wa funestus kuno kummwera ndi ku Mozambique. Chinthu chimene aliyense ali nacho sichingatiuze chifukwa chake wina akupulumuka pa mlingo wa mankhwala wowirikiza kakhumi pamene mnzake akufa. Pali china chimene chawonjezekera, ndipo ndi chimenecho tikusaka.

Deta yoyambira si yathu. Tatenga jinomu (ndandanda ya DNA yonse) ya funestus ya mu 2019, yotchedwa AfunF3, ku nkhokwe ya pa intaneti ya VectorBase, komanso mafayilo a RNA, imene imaonetsa majini amene akugwira ntchito, amene ofufuza ena anaika poyera ku nkhokwe ya SRA. Mafayilowa ndi akuluakulu moti netiweki ya kuno siingawanyamule masana. Ena takoka usiku, ena mnzathu anakwera nawo chitunda cha Thabwa kukakokera ku Blantyre n'kubwera nawo pa hard drive.

Pakati pa Novembala

Ntchito yoyamba yatha: tayeretsa mafayilo, tayang'ana ubwino wake ndi pulogalamu ya FastQC, talumikiza tizidutswa ta RNA pa jinomu, ndipo tawerenga kuti jini lililonse likugwira ntchito mochuluka bwanji. Kenako pulogalamu ya masamu ya DESeq2 yafananiza udzudzu wosamva mankhwala ndi womva.

Mndandanda unatuluka wautali, ndipo mnyamata wathu wa ku yunivesite amene ali pano kuphunzira ntchito anasangalala nawo kwambiri. Ndinamukhazika pansi tichite masamu a ku pulayimale. Udzudzuwu uli ndi majini oposa 13,000. Ukayesa lililonse palokha, n'kuvomera kulakwitsa kamodzi pa maulendo 20 monga mwa chizolowezi cha p yochepera 0.05, ndiye kuti majini pafupifupi 650 aoneka ngati osiyana ngakhale pasakhale kusiyana kwina kulikonse. Njira ya Benjamini ndi Hochberg ya mu 1995 imachepetsa bodza limeneli, ndipo DESeq2 imaichita yokha. Koma vuto lenileni silinali pamenepo.

Mafayilo ambiri a poyera amafananiza udzudzu wa kumudzi ndi FANG, udzudzu womva mankhwala umene unachokera ku Angola ndipo wakhala ukuswanirana mu labu kwa zaka zambiri. Titajambula chithunzi cha PCA, chimene chimaika pafupi zitsanzo zofanana n'kutalikitsa zosiyana, FANG inakakhala payokha kutali. Nanga ingalephere bwanji? Ndi wa dziko lina, umadya zina, sunaonepo dzuwa la ku Ngabu. Jini likasiyana pakati pa FANG ndi udzudzu wa ku Chikwawa, mwina n'chifukwa cha mankhwala, mwina n'chifukwa choti wina ndi wa ku Angola. Kompyuta siingasiyanitse ziwirizi, chifukwa mu detayo zinalukana kuyambira pachiyambi.

Pali msampha wina. Munthu angaganize kuti njira yachidule ndi kufananiza udzudzu wopulumuka ndi wakufa, wochokera mudzi umodzi. Pa DNA zimatheka. Pa RNA ayi, chifukwa RNA imayamba kuwonongeka udzudzu ukangofa, ndipo umangoyeza kuwola. N'chifukwa chake anthu amafananiza wopulumuka ndi umene sunakhudze mankhwala. Komatu apo pabukanso funso: jini lakwera chifukwa ndilo lapulumutsa udzudzuwo, kapena langodzidzimuka ndi poizoni monga amachitira majini ambiri thupi likavutika?

Tagwirizana kuti jini lizikhala pa mndandanda pokhapokha laonekera m'mafananizo onse awiri, wa FANG ndi wa mudzi umodzi. Mndandanda wafupika kwambiri, ndipo CYP6P9a ndi CYP6P9b ali pamwamba. Zimenezi si zatsopano, koma zandikhazika mtima pansi. Njira imene ikanalephera kupeza zodziwika kale sindikanaikhulupirira pa zosadziwika.

Disembala

Mvula yayamba, magetsi akuzimazima, ntchito ya pa kompyuta ikudalira sola.

Ndalemba nambala imodzi pa khoma la ofesi: 150. Malamulo a WHO oyesera udzudzu m'machubu amafuna udzudzu waukazi wa masiku 3 mpaka 5 umene sunayamwe magazi. Machubu anayi okhala ndi pepala la mankhwala, chubu chilichonse udzudzu 25, ndi machubu awiri opanda mankhwala ofananizira. Umakhalamo mphindi 60, ndipo akufa amawerengedwa pakatha maola 24. Funso limodzi, mankhwala amodzi, mlingo umodzi: udzudzu 150, onse aakazi, onse a msinkhu umodzi.

Kompyuta ikhoza kutipatsa maganizo makumi asanu dzuwa lisanalowe. Mapulogalamu atsopano olankhula nawo aja akhoza kutipatsa mazana, olembedwa mokoma. Koma funestus ndi wovuta kuweta, ndipo dzinja lonse lingatipatse udzudzu wokwanira mafunso owerengeka chabe. Ndiye ntchito imene ndikuipatsa kompyuta si yobereka maganizo. Ndi yowapha asanatidyere udzudzu.

Januwale

Mwezi uno wapita pa kusefa, ndipo takangana ndithu.

Sefa yoyamba ndi ya RNA ija. Yachiwiri ndi ya DNA. Jini likamapulumutsa udzudzu, limafalikira mofulumira m'mibadwo yochepa, ndipo limakoka DNA yoyandikana nalo. Zotsatira zake, pamalo amenewo udzudzu wambiri umafanana ngati ana a mayi mmodzi pamene kwina konse ndi wosiyanasiyana. Tayenda m'jinomu ndi muyeso wa kufanana kumeneku wotchedwa H12 pogwiritsa ntchito majinomu a funestus amene gulu la ofufuza la MalariaGEN linatsegulira anthu onse. Pa chigawo cha jinomu chotchedwa chromosome 2R, pamene pali majini a CYP6P9, chizindikirocho chikuchita kufuula. Chimene tikufuna ndi timapiri ting'onoting'ono tapambali, n'kuona ngati jini la pa mndandanda wa RNA lakhala pansi pa kaphiri kotero.

Sefa yachitatu ndiyo inabweretsa mkangano. Kuyambira 2021 pulogalamu ya AlphaFold yapangitsa kuti aliyense athe kuona maonekedwe a puloteni popanda kuiyeza mu labu, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2024, pamodzi ndi David Baker. Tinatenga maonekedwe a ma P450 athu n'kuyesa ndi pulogalamu ya AutoDock Vina ngati permethrin angalowe m'kabowo ka enzyme. Zithunzi zake n'zokongola zedi, ndipo mnyamata wathu uja anafuna kuti tisanje majini motsatira manambala amenewa. Ine ndinakana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. AlphaFold imapereka puloteni yopanda heme, kachitsulo kamene P450 imagwirira ntchito, ndipo uyenera kukaikamo wekha. Kabowo ka P450 n'kotakasuka komanso kamasintha, moti pafupifupi chilichonse chamafuta chimaoneka ngati chikukwanamo. Kukwana si kuphwanya. Tamvana kuti sefayi izingochotsa amene mankhwala sangafike n'komwe pafupi ndi heme, koma isamakweze jini lililonse pamwamba pa linzake.

Chimene chandichititsa chidwi si P450 ina yatsopano. Pakati pa otsala pali majini okhudza khungu la udzudzu, chikopa cholimba chija cha pamiyendo. Izi zikugwirizana ndi zimene zinapezeka mu 2016 pa Anopheles gambiae, mtundu wina wofalitsa malungo, kuti udzudzu wosamva mankhwala uli ndi khungu la miyendo lochindikala, ndipo ma enzyme a CYP4G16 ndi CYP4G17 ali m'maselo opanga mafuta okuta khungulo. Udzudzu umakumana ndi masikito ndi miyendo. Khungu likachedwetsa poizoni kulowa, ma enzyme a m'kati amapeza mpata womalizitsa ntchito. Zikakhala zoona, ndiye kuti si mdani wachiwiri woima payekha, koma wothandizira woyamba uja.

Ndilembeponso za kdr, popeza ambiri amafunsa. Kumeneku ndi kusintha kwa pa mitsempha pamene pyrethroid amaluma, ndipo n'kofala mu gambiae. Mu funestus kwa zaka zambiri sikunkapezeka, mpaka pamene kusintha kwa L976F kunaoneka ku Tanzania, kogwirizana ndi kusamva mankhwala a DDT. Tayang'ana malo amenewo mu deta imene tili nayo ndipo tipitiriza kuyang'ana mu udzudzu wathu, popeza kutero n'kotchipa. Koma sindikuperekera machubu.

Febuluwale

Tsopano ndi nthawi ya matope. Timalawira m'mamawa ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, n'kulowa m'nyumba zimene eni ake anavomera, kukagwira udzudzu wokhuta umene wapuma pa zipupa ndi kudenga. Funestus amakonda m'nyumba ndipo amakonda munthu. Mnzake wa mtundu wa arabiensis, amene ndi wambirinso kuno, sasankha: akapeza khola la ng'ombe amakhuta komweko.

Mudzi wina tisanayambe, amfumu anatifunsa pamaso pa anthu awo kuti, "Inu ana anga, udzudzu mumatenga chaka ndi chaka, nanga yankho limabwera liti?" Mayi amene amatsogolera gulu lathu la kumudzi anayankha kuti, "Zikomo amfumu, tikayesa mankhwala a masikito atsopano a mitundu iwiri tidzabwera kudzanena pano pabwalo, kaya zikhale zokoma kaya zowawa." Ndalemba lonjezoli pa ndondomeko ya ntchito, chifukwa funso la amfumu ndi lomwenso a zaumoyo amakhala nalo akamasankha masikito ogawa.

Udzudzu wogwidwa sitiuyesa wokhawo, popeza msinkhu wake sitiudziwa, ndipo udzudzu wokalamba umafa msanga ndi mankhwala kuposa wachichepere. Timausunga masiku angapo mazira akhwime, kenako uliwonse timauika m'kachubu ka 1.5 ml kokhala ndi kapepala konyowa, ndipo pothinana pamenepo umakakamizika kuikira. Ana ake ndiwo timayesa. Mayi aliyense amapita ku PCR, kuyeza kwa DNA, kutsimikiza mtundu, chifukwa m'banja la funestus muli abale monga rivulorum ndi parensis ofanana naye pamaso koma osiyana khalidwe. Banja limodzi lolakwika likhoza kusokoneza chubu chonse.

Midzi ya ku East Bank tayamba taisiya. Mitsinje yotsika kumapiri a Thyolo ikadzaza msewu umaduka, ndipo chichitikireni namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 palibe amene amachita nayo masewera. Mazira a funestus sapirira ulendo wautali m'kutentha.

Kumayambiriro kwa Malichi

Mphutsi zikukula pang'onopang'ono, monga mwa khalidwe la funestus. Tisanatsegule chubu ngakhale chimodzi, talemba m'buku maganizo amene tiyese, chimene tikuyembekezera kuona, ndi chimene chidzatichititse kunena kuti ganizolo lafa. Tsamba lililonse lasainidwa ndi anthu awiri. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchitoyi: zotsatira zikabwera, mutu umapeza njira yonenera kuti ndi zomwe umayembekezera.

Loyamba: ngati ma P450 okha ndiwo akuteteza udzudzuwu, ndiye tikawatseka ufe. PBO ndi mankhwala otseka ma P450, omwe aja amaikidwa m'masikito amene WHO inavomereza mu 2017. Udzudzu ukhala ola limodzi pa pepala la PBO ya 4%, kenako ola limodzi pa permethrin wa 0.75%. Akufa akafika 98 pa 100 alionse, nkhani ya khungu ija tiisiya pomwepo, ngakhale kompyuta inaikonda bwanji. Akapanda kufika, pali china chimene PBO sakuchikhudza. Ku Mozambique zinalembedwa kale mu 2019 kuti kusamva mankhwala kunakula mpaka masikito a PBO anayamba kuchepa mphamvu, ndipo m'madera ena malire athu ndi iwo ndi mtsinje chabe.

Lachiwiri likudalira loyamba. Ngati khungu la miyendo ndilo likuchedwetsa poizoni, ndiye kusiyana kwa udzudzu wathu ndi womva mankhwala kukhale kwakukulu pamene poizoni walowera ku miyendo, koma kuchepe tikadontheza kadontho ka mankhwala osungunulidwa mu acetone pamsana pake. Kusiyanako kukakhala chimodzimodzi m'njira zonse ziwiri, ganizoli lagwa. Kuyesaku n'kotopetsa, chifukwa udzudzu uliwonse umagonekedwa ndi kuzizira n'kudonthezedwa pawokha.

Lachitatu ndi limene ndikuliyembekezera kwambiri. Chlorfenapyr, mankhwala a m'masikito monga Interceptor G2 amene WHO inalimbikitsa mu Malichi 2023, si poizoni pamene akulowa. Ma P450 a udzudzu womwewo ndiwo amawasandutsa tralopyril, imene imazimitsa mphamvu m'maselo. Ndiye udzudzu wokhala ndi ma P450 ochuluka ukhoza kukhala ukudziphikira wokha poizoni. Zikakhala choncho, udzudzu wathu ufe ndi chlorfenapyr mofanana kapena kuposa womva mankhwala, ndipo PBO, m'malo mothandiza, achepetse akufa. Ndimalikonda ganizoli chifukwa likulosera chinthu chotsutsana ndi zimene PBO amachita nthawi zonse. Likadzatheka, n'zovuta kunena kuti zangochitika mwamwayi.

Panali lachinayi, lakuti midzi yolima thonje cha ku Ngabu, kumene alimi amapopera mankhwala a gulu lomwelo la pyrethroid, ili ndi udzudzu wosamva kuposa midzi ya m'dambo. Mapu amene tinajambula akuoneka ngati akuvomereza. Talichotsa. Midzi imeneyi imasiyananso pa madzi, ng'ombe, mamangidwe a nyumba, mtundu wa udzudzu wochuluka, ndi masikito amene inalandira. Kaya zotsatira zikanatuluka motani, tikanapeza chonena, ndipo ganizo limene silingagwe silikuyenera udzudzu 150. Komanso likanaloza chala alimi popanda umboni.

Epulo

Machubu oyamba achitika. Owerenga akufa sanauzidwe kuti chubu chiti chinali ndi chiyani. Zilembo zinali m'buku la munthu wina.

Pa permethrin yekha, udzudzu wambiri unadzuka tsiku lotsatira uli gwa, monga timayembekezera. PBO anakweza akufa kwambiri, koma sanafike pa mzere wa 98 uja. Manambala enieni tilemba tikabwereza ndi mabanja ochokera mudzi wina, chifukwa awa ndi ana a amayi ochepa a dera limodzi, ndipo abale amafanana. Komabe malinga ndi zimene tinasainira, ganizo loyamba lagwedezeka ndipo lachiwiri lapeza chilolezo chodyera udzudzu. Mnyamata wathu anafunsa ngati tsopano tinganene kuti khungu ndilo. Ayi. Tingonena kuti ma P450 sakufotokoza zonse, kapenanso kuti ndi ochuluka moti PBO wa 4% sanawatseke onse. Kuthekera kwachiwiriku sitinakulembe m'buku mu Malichi, ndipo kukufuna kuyesa kwakekwake: tiyeza ndi qPCR, njira yowerengera RNA ya jini limodzi, ngati opulumuka pa PBO ali ndi CYP6P9a ndi CYP6P9b zokwera kuposa abale awo.

Kuyesa kwa chlorfenapyr kwatayidwa. Mankhwalawa amayesedwa m'mabotolo opakidwa mamaikulogalamu 100 lililonse, ndipo akufa amawerengedwa pakatha maola 72, osati 24, popeza amapha pang'onopang'ono. Mphamvu yake imadaliranso kutentha, moti chipinda chiyenera kukhala pa madigiri 27, osapitirira awiri uku ndi uku. Usiku wachiwiri magetsi anazima, batire silinafike m'mawa, chipinda chinatentha, ndipo udzudzu wa m'mabotolo opanda mankhwala unafa kupitirira 20 pa 100. Lamulo la WHO ndi lomveka: akufa m'mabotolo opanda mankhwala akakhala pakati pa 5 ndi 20 pa 100 umakonza zotsatira ndi masamu a Abbott, kupitirira apo umataya zonse. Panali wina amene anati tiyang'ane kaye mabotolo a mankhwalawo kuti tingodziwa. Tinakana, chifukwa chimene waona sungachiiwale pobwereza.

Opulumuka pa mlingo wowirikiza kakhumi, pamodzi ndi abale awo amene sanakhudze mankhwala, tawasunga mu RNAlater, madzi oteteza RNA kuti isawonongeke. Miyendo taidula n'kuisunga payokha, kuti RNA ya miyendo isamire mu ya m'mimba, m'mene ma P450 ambiri amagwirira ntchito. Imeneyi idzakhala deta yoyamba yotengedwa ndi funso lathu m'maganizo, amayi amodzi, msinkhu umodzi, tsiku limodzi, ndipo idzabwerera ku DESeq2 popanda FANG pakati.

Udzudzu wotsala sukwanira zonse. Tasankha kubwereza PBO poyamba, kenako kudontheza pamsana. Chlorfenapyr adikira Juni, kukazizira, pamene chipinda chingathe kukhala pa madigiri 27 popanda kudalira makina usiku wonse, ndipo mazira ake tikatenga ku midzi ya m'mphepete mwa dambo kumene funestus satha. Msewu wa ku East Bank ukauma tikaonjezera midzi iwiri ya kumeneko, ndipo kwa amfumu aja tipita tikangomaliza kubwereza PBO.